Monga Mukudziwa, Amayi

Kabwe, 9 Juni 1975

Achemwali anga a Kuluthumu,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino kwathu ku Sindako pamodzi ndi ana. Ababa mwendo uja unasiya? Kuno tilipo, kungoti fungo la nsomba za kapenta sindikulifunanso ndipo mapazi ayamba kukana nsapato. A kuchipatala akuti mwana adzabadwa mu Novembala.

Uthenga wa ababa ndinaumva. Akuti chikalata cha ku boma chimene tinasainira ine ndi alamu anu a Jairos iwo sachiwerengera, ukwati ndi ankhoswe. Akuti Okutobala akatha asanaone munthu wa kuchimuna atakhala pamkeka pakhomo pathu, adzabwera okha kudzanditenga, ndipo mwanayo akakulira pansi pa mashini osokera ngati mmene tinakulira ife. Ababa ndimawadziwa, sanena kawiri.

Vuto ndi lakuti alamu anu mpaka lero sanauze a kwawo ku Mkaika kuti anakwatira. Amayi awo ndi a chigwirizano cha amayi ku mpingo wa Reformed, ndipo alamu anuwo akangotenga cholembera kuti awalembere, thukuta limayamba ngati ali m'munda wa thonje.

Loweruka tinapita kukanema. Filimu yake inali ya apolisi ofufuza. Chakumapeto mbava inamangirira wapolisi pampando, ndipo m'malo mothawa inakhala pansi n'kuyamba kumufotokozera zonse: kumene inabadwira, mmene inabera, ngakhale pamene yabisa makiyi. Ine ndinawodzera. Koma potuluka alamu anu anandigwira mkono n'kunena kuti, "Rehema, njira ndaipeza."

Akulemba sewero. Akuti nkhani yathu aiika m'kamwa mwa mbava, alongo awo a Nelly, amene amaphunzitsa ku Katete, akawawerengera amayi, ndipo amayiwo akadzimvera okha popanda iwo kutsegula pakamwa. Ndinawafunsa kuti bwanji osangolemba mizere itatu. Akuti ine za luso sindizidziwa.

Muwapeze ababa pamene akhuta, muwauze kuti zinthu zikuyenda. Ndiuzeni za kumeneko.

Mng'ono wanu,
Rehema

Kabwe, 16 Juni 1975

Okondedwa alongo anga a Nelly,

Choyamba ndi moni. Kaya inu ndi amayi muli bwanji? Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda.

M'envulopu muno mupeza sewero la apolisi ofufuza limene ndalemba ndekha, masamba makumi anayi, lotayipa. Dzina lake ndi "Mpeni wa M'sitolo". Kope lina la kaboni ndatumiza kwa amalume a Ezekieli ku Vubwi. Ndaphunzira kukanema kuti woonera sayenera kusokonezeka, ndiye aliyense akangolowa amadziwika kuti ndi ndani. Taonani mmene layambira:

JAMESI: Moni amayi anga, inu amene munandibereka.
MAYI: Moni Jamesi, mwana wanga wachiwiri, amene wagwira ntchito ya ukalaliki pa sitolo ya zitsulo ku tauni zaka zinayi tsopano.
JAMESI: Monga mukudziwa, amayi, atate anamwalira.
MAYI: Inde, ndinalipo.

Pempho langa ndi lakuti mukawawerengere amayi lonse, osadumpha kanthu. Makamaka tsamba 31 muwerenge mokweza ndi mofatsa, amayi atakhala pansi. Ndalikoperanso pano kuti musaliphonye:

MBAVA: Jamesi, popeza ndakumanga ndi chingwe ichi chimene ukuchionachi, ndipo ndikupha ndi mpeni uwu umene uli m'dzanja langali, ndikukumbutse kuti chaka chatha unakwatira Rehana, mwana wa telala wachisilamu wa ku Sinde, osauza amako, ndipo tsopano ali ndi pakati.
JAMESI: Zoona, ndipo ndikufuna amalume akhale nkhoswe Okutobala asanathe.
MBAVA: Ndikudziwa.

Mukatha mundilembere msanga kuti amayi anati chiyani, ndiponso nkhope yawo inali bwanji.

Ine mlongo wanu,
Jairos Banda

Katete, 14 Julaye 1975

Jairos,

Moni. Tonse tili bwino, amayi atha kukolola mtedza. Ndachedwa kuyankha chifukwa inki yofiira inanditha pa tsamba 19.

Mlongo wanga, ndaphunzitsa Chinyanja zaka zisanu ndi zinayi, koma sindinaonepo anthu olankhula ngati akowa. Kodi unamvapo kuti munthu akuuza amake kuti anamubereka? Anthu sauzana zimene onse akuzidziwa. Wapolisi wako akulowa m'sitolo n'kunena kuti, "Ine ndine wapolisi, n'chifukwa chake ndavala yunifolomu." Mtembo nawo, usanafe, ukuyamba watchula tsiku limene unabatizidwa. Pa tsamba 22 mkazi akuuza mwamuna wake kuti ali ndi ana atatu, mwamunayo n'kuthokoza.

Amayi ndinawawerengera Lamlungu masana tikusenda mtedza. Tsamba loyamba lisanathe anandifunsa kuti, "Kodi mayi ameneyu mutu ukuyenda? Akumuuza mwana kumene amagwira ntchito ngati mwanayo wasochera?" Pofika tsamba 8 anali atagona, mtedza uli m'manja. Atadzuka ndinawafotokozera mwachidule kuti wakupha uja anali mlonda. Tsamba 31 ndinalidumpha. Mbava ili ndi mpeni m'manja, ukwati wa munthu ukuikhudza pati? Silikugwirizana ndi nkhani, ndipo dzina loti Sinde silikumveka ngati malo enieni.

Koma usataye mtima. Ndinaliiwala seweroli patebulo m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo pobwerera ndinapeza anthu akulira ndi chiseko. Tsopano pasukulu pano sitipatsananso moni wamba. Dzulo ahedi anakumana ndi a Solomoni n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji a Solomoni, inu amene mumaphunzitsa masamu ndipo muli ndi dazi?" A Solomoni anati, "Ndadzuka, ahedi, pa sukulu ino imene tonse tikuionayi."

Ndiye ahedi alamula kuti aphunzitsi tidzalichite pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu, ngati sewero loseketsa. Usakonze kalikonse. A Solomoni ndiwo mbava, ndipo akukana kuti ndidule tsamba 31, akuti ndi pamene amalankhula nthawi yaitali. A Francis a Giredi 5 ndiwo Jamesi.

Amayi akuti ndikuuze kuti Doris wa kwaya uja wakula bwino ndipo amadziwa kuzira nyumba. Akuti pa Khirisimasi ubwere ndi malaya abwino.

Mlongo wako,
Nelly

Vubwi, 4 Ogasiti 1975

Kwa Jairos, mwana wa mlongo wanga,

Moni ndikupatsa chifukwa ndine Mkhristu. Kuno kuli bwino, fodya tagulitsa.

Mapepala ako ndinalandira. Ndinasangalala, ndinaitana anzanga awiri ndi mlendo wina wa ku Malawi amene anadzagula nyemba, kuti amve zimene mphwanga wophunzira walemba. Ndinawerenga mokweza pansi pa mango. Ndinafika pa tsamba 12 pamene pali mawu awa:

JAMESI: Takulandirani amalume a Ezara, inu mlongo wa amayi anga, amene mu 1961 munagwera m'chitsime pothawa mbuzi.
AMALUME: Inde, ndipo anandivuula ndi amayi otunga madzi.

Ndinayesa kutsokomola kuti ndidumphe, koma mawu anali atatuluka kale. Mlendo uja wapita nayo nkhaniyi kutsidya. Zaka khumi ndi zinayi ndaikwirira, ndinachita kusamuka mudzi, ndipo iwe waifukula ndi makina otayipira. Kundisintha dzina kuti Ezara sikunathandize, chifukwa unasiya chipsera changa cha pachipumi, chimene munthu wakoyo akuchitchula kawiri.

Sindinapitirire tsamba limenelo. Otsalawo ndikupichirira fodya, ndi mapepala abwino.

Mvera tsono. Ine ndine mwini mbumba, koma kuyambira lero za iwe zisandikhudze. Tsiku limene udzafune nkhoswe, ukafune mbuzi yomweyo. Ndamvanso kuti Nelly akufuna kuonetsa zimenezi pagulu ku Katete. Ndidzabwera ndekha, ndidzakhala kutsogolo, ndipo ndidzaone amene adzatchule chitsime.

Ndatha ine,
E. Phiri

Kabwe, 22 Seputembala 1975

Achemwali,

Asalamu aleikumu. Kalata yanu ndinaiona, zikomo chifukwa cha kansalu ka mwana. Mwati ababa afunsa kale mtengo wa basi ya ku Kabwe. Sindinadabwe.

Kuno luso latipweteka. Alongo awo anadumpha tsamba lenileni, amayi awo anagona, ndipo amalume amene timawadalira kuti akhale nkhoswe atukwana m'kalata. Ndinawafunsa alamu anu kuti za chitsimezo anaziikiramo chiyani. Akuti ankafuna kuti amalume adzizindikire, kuti adziwe kuti zonse za m'seweromo n'zoona. Kudzizindikira anadzizindikiradi.

Mukuganiza kuti aphunzirapo kanthu? Ayamba sewero lachiwiri lofotokoza loyamba lija. Muli apolisi awiri amene akhala mu ofesi n'kumauzana kuti, "Monga ukudziwa, mnzanga, tsamba 31 linali lofunika." Ndawabisira riboni ya makina m'thumba la ufa.

Matendawa alowa ndi m'nyumba momwe. Dzana anafika kuchokera kuntchito n'kunena kuti, "Rehema mkazi wanga, amene uli ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, madzi osamba alipo?" Ndinawayankha kuti, "Alipo mumpopi, amuna anga amene muli ndi miyendo iwiri."

Ndikuseka, achemwali, koma ndili ndi mantha. Munthuyu ndi wamantha ngati nkhuku ya chitopa, koma tsiku lililonse amanditenthetsera madzi a mapazi, ndipo sanandiletsepo kuswali. Sindikufuna kumusiya. Sindikufunanso kuti mwana wanga adzakule akumva kuti kwa atate ake sakumudziwa. Ndinaganiza zowalembera ndekha apongozi, koma mkamwana amene sanamuonepo angayambe bwanji ndi kalata?

Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi. Pa 24 Okutobala masitolo amakhala otseka. Muwatenge ababa mupite nawo ku Katete, kusukulu ya a Nelly. Musawanamize, mungowauza kuti mkamwini wawo walemba sewero ndipo a kuchimuna onse adzakhalapo. Mukakhale kumbuyo. Ngati anthuwa sakubwera pamkeka wathu, mwina benchi ya sukulu ingathandize.

Mng'ono wanu,
Rehema

Katete, 25 Okutobala 1975

Jairos,

Moni, ngakhale sukuyenera. Khala pansi uwerenge.

Dzulo anthu anadzaza bwalo la sukulu, ena anakwera m'mitengo. Amayi anabwera atavala za chigwirizano. Amalume anafika m'mawa ndi lole ya thonje, atavala jekete, n'kukhala kutsogolo ndodo ili pamiyendo. Ndinawalonjeza kuti chitsime tachichotsa, ndipo ndinawauzadi a Francis kuti adumphe. Koma a Francis mawu analoweza ngati katekisimu, ukachotsa mzere umodzi zonse zimabalalika.

Poyamba zinayenda bwino. Pa "Inde, ndinalipo" anthu anagwa m'mabenchi. Wapolisi atafotokoza chifukwa chimene wavalira yunifolomu, wapolisi weniweni amene anabwera kudzasungitsa bata anachita kuvula chipewa kuti apukute misozi. Kenaka tinafika pa tsamba 12, ndipo a Francis anatchula chitsime, chaka, mbuzi, ndi chipsera chomwe.

Amalume anaimirira. Ndinkayesa kuti amenya munthu, koma anatembenukira kwa anthu n'kunena kuti, "Limenelo ndi bodza. Sinali mbuzi wamba, anali tonde, ndipo chitsimecho chinali chosatchinga."

Chiseko chake sindingachilembe. Koma nditayang'ana amayi ndinaona kuti iwo asiya kuseka. Anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti, "Nelly, ngati chitsime n'choona, mayi wopusa uja ndine?" Ndinati ndi sewero chabe. Anati, "Khala chete ndimve."

Kuyambira pamenepo anamvetsera ngati ulaliki. A Solomoni anawamangirira a Francis pampando, n'kutulutsa mpeni wa katoni, n'kunena tsamba 31 lonse. Anthu anaseka. Amayi anaimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tabwerezani pamenepo." A Solomoni anayesa kuti awakonda, ndipo anabwereza mokweza, akuvinitsa mpeni. Amayi anafunsa kuti, "Pakatipo ndi pa miyezi ingati?" A Solomoni anayang'ana kwa ine, chifukwa zimenezo sunalembe. Ndiye kumbuyo kunamveka mawu a mayi wina akuti, "Isanu ndi itatu."

Jairos, ine wa inki yofiira ndinawerenga tsamba limenelo kasanu, ndinakonzamo ndi zilembo zomwe, osaona kanthu. Manyazi amene ndinachita sindidzakukhululukira msanga.

Amayi anayenda pakati pa mabenchi mpaka kumbuyo. Kunali mayi uja, amene tsopano ndikudziwa kuti ndi a Kuluthumu, ndi bambo wachikulire wa kofia yoyera, apongozi ako a Hamidu, atelala a ku Sinda, amene anatisokerapo mayunifolomu a kwaya. Amayi anagwada pang'ono. Ndikulembera mawu awo onse kuti uphunzire mmene anthu amalankhulira.

Amayi anati, "Bambo, ndikumva kuti tambala wanga analumpha mpanda."

A Hamidu anati, "Analumpha kale, mayi. Ndimadikira mwini tambala."

Amayi anati, "Mwini anali m'tulo."

A Hamidu anati, "Wadzuka bwanji?"

Amayi anati, "Wadzuka."

Basi. Masamba ako makumi anayi anathera pamenepo, popanda wotchula dzina la munthu kapena chaka.

Otsala anali amalume. Amayi atawaitana anabwera, koma anati iwo ananena kale kuti nkhoswe ikhale mbuzi, ndipo mawu awo sabweza. Apo a Hamidu anayamba kufunafuna ndodo yawo kuti azipita. Anaipeza, anaimirira, n'kuwayang'ana amalume pachipumi. Kenaka anati, "Pepani bambo, mwati anali tonde? Wa ndevu?" Amalume anati wa ndevu. A Hamidu anakweza thalauzi n'kuonetsa chipsera chapakatumba, akuti, "Ichi ndi cha tonde, kwathu ku Malawi ndili mnyamata. Ine ndinakwera nkhokwe. Anthu amene sanakumane naye ndiwo amaseka."

Anakhala pabenchi imodzi mpaka dzuwa kupendeka, akukamba za atonde. Amalume agona kuno, ndipo Lachinayi akupita ku Sinda ndi jekete lomwe lija.

Sewero silinathe. Anthu anabalalika akukamba za iwe, ndipo a Francis tinawakumbukira titayamba kale kubweza mabenchi, akadali omangidwa pampando. Akuti ankadikira mzere wawo.

Nelly

Mkaika, 2 Novembala 1975

Mwana wanga Jairos,

Akulemba ndi Nelly koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asakonze. Moni kwa iwe ndi kwa mkazi wako. Akudya bwino? Miyendo ikutupabe?

Amalume ako anapita ku Sinda ndipo anabwerako. Analandiridwa pamkeka, anadya mpunga, ukwati wako tsopano uli ndi ankhoswe. A Hamidu sabweranso kudzatenga mwana wawo. Za tchalitchi ndi mzikiti sindikunamiza kuti n'zopepuka, abusa andiyendera kale kawiri. Zimenezo tidzakhalira pansi. Kwa amake Doris ndinapitako ndekha ndi nkhuku, nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.

Tsopano ndinene zanga. Pabwalo paja ndinalimba mtima chifukwa panali anthu. Nditafika kunyumba ndinalira. Sindinalire chifukwa wakwatira Msilamu, kapena chifukwa anthu aseka. Ndinalira chifukwa za mdzukulu wanga woyamba ndinazimva kwa mbava ya mpeni wa katoni, pamodzi ndi ogulitsa zitumbuwa. Ndinadzifunsa kuti kodi ndine chilombo chotani kuti mwana wanga achite kulemba anthu khumi ndi awiri, wina n'kumupha, poopa kundiuza mawu amodzi.

Mayi wa m'sewero lako amadziwa zonse, mwana wake akangoyamba kulankhula iye amati inde. Ine sindili choncho. Zimene sunandiuze sindizidziwa.

Ndiye ngakhale ndamva kale, ndikufuna undiuze iwe. Undilembere kalata ya dzina lako, yopanda Jamesi, yopanda wapolisi. Ukatero ndikwera basi. Ukapanda kutero ndikhala konkuno, ndipo mwanayo mudzamutche dzina nokha.

Amako,
Naphiri

Kabwe, 19 Novembala 1975

Amayi,

Ndine Jairos. Ndinakwatira Rehema chaka chatha osakuuzani chifukwa ndinkaopa kuti mudzandikana. Ndinalakwa, pepani.

Lolemba m'mawa Rehema anachira, mwana ndi wamkazi. Onse ali bwino. Dzina alibe, tikudikira inu.

Mwana wanu,
Jairos

Amayi, ndine Rehema mkamwana wanu, ndalemba pansi pano iwo atapita kukagula sitampa. Kalata ili pamwambayi ndi yachisanu ndi chiwiri, zinazo anang'amba. Yoyamba inali ndi masamba anayi ndipo munali namwino wofotokoza mbiri ya chipatala. Iyi anailemba ndi dzanja, ndipo pamene inki yafalikirapo si madzi a mvula. Basi ya ku Lusaka mukatsika mudzakwere ya Kabwe, adzakuchingamirani pa siteshoni. Bwerani msanga, mwanayu tikungomutcha "iwe".